Zapakhomo: Nkhadze, Mpanda Wosapempha Madzi

Mwezi wa Okutobala ukafika ku Angonia, woyenda pamsewu wochokera ku Ulongwe kupita ku Kalomwe amadzionera yekha: udzu wauma, mipanda ya tsekera yagwa ndi chiswe, koma nkhadze ili biriwiri ngati yathiriridwa dzulo. Chilala cha 1992 chidaipeza nkuisiya, cha 2024 chimodzimodzi. Chinsinsi chake nchakuti timasamba take ntating'ono ndipo timayoyoka msanga. Madzi imasunga m'tinthambi tija tonga pensulo.

Makolo adaidziwa kalekale. Ankaibzala kuzungulira khola ndi m'malire a minda, ndipo malire a nkhadze munthu sawasuntha usiku ngati mwala. Lero makomo ambiri akuthamangira maluwa achilendo ofuna ndowa m'mawa, ndowa madzulo, pomwe wotunga madziwo ndi mayi yemweyo. Bambo naye chaka ndi chaka ali kuphiri kudula mitengo ya mpanda, mapiri nkumayera.

Kubzala kwake nkosavuta. Munthu amadula nthambi yotalika ngati mkono, nkuisiya pamthunzi masiku angapo kuti podulapo paume, kenaka nkuizika mvula ili pafupi. Nthambizo zikhale mothithikana. Pamalo pojejemera madzi monga kudambo imaola, ndipo kumtunda kozizira ngati ku Tsangano yaing'ono imapsa ndi chisanu cha Juni ndi Julaye. Ikagwira imafuna kuisadza. Yongolekerera imasanduka mtengo, kunsi nkusiya mipata yoti mbuzi zizilowa ngati pakhomo pawo.

Koma pali mawu. Utomoni woyera wa nkhadze si mkaka. Pakhungu umaotcha, ukalowa m'diso ululu wake ngosasimbika ndipo munthu atha osaona kwa masiku angapo, mwinanso diso kuonongeka. Choncho mpanda umenewu usayandikire pakhonde kapena pabwalo posewerera ana. Malo ake nkumalire ndi kukhola. Wosadza aime mbali yochokera mphepo, asagwire kumaso, ndipo akatha asambe m'manja ndi sopo. Zodulazo zisapite kukhitchini, poti utsi wake nawo umalasa maso.

Utomoni ukagwera mwana m'diso, pasakhale zoyamba kufunsa kwa anansi. Disolo litsukidwe ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenaka mwanayo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.