Chifukwa Chake Khanda Limabayidwa pa Ntchafu

Kuyambira 2002, makanda a m'Malawi amalandira katemera wa matenda asanu ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Amayi ena ku sikelo amadandaula poona mlangizi wa zaumoyo akubaya pa ntchafu, osati pa thako. Mlangiziyo salakwa. Matako a mwana wosayamba kuyenda ndi mafuta ochuluka, mnofu wochepa, ndipo pafupi pamadutsa mtsempha waukulu wotsikira kumwendo.

Ku Japan, m'zaka za m'ma 1970, ana ambiri anauma ntchafu chifukwa cha majakisoni obwerezabwereza a mankhwala ena, osati katemera. Mantha anachititsa madokotala kumabaya katemera pansi pa khungu. Ofufuza atayeza ntchafu za makanda ndi makina ounikira m'thupi, anapeza mnofu wokwanira. Mu 2024, katemera watsopano wa makanda analoledwa kubayidwa mu mnofu.