Tsitsi Lowongola Limaopa Madzi, Koma Mankhwala Ake Si Moto

Pa tsiku la sikelo, amayi akakhala pa mzere kudikira kuti ana awo ayezedwe, nkhani zimene zimakambidwa si za phala ndi katemera zokha ayi. Kawirikawiri pamamveka dandaulo lakuti, "Ndawongola tsitsi dzulo lomweli, koma taonani lero lanyankhalala kale ngati sindinaligwire n'komwe." Wina amayankha kuti chipeso sichinatenthe mokwanira. Winanso amati mankhwala anatsukidwa msanga, mwini mutu akanapirira pang'ono. Malangizo awiri onsewa ndi olakwika, ndipo ndi amene akubweretsa amayi ndi atsikana ku chipatala ali ndi matuza pamutu, zilonda kuseri kwa makutu ndiponso dazi la pamphumi.

Ife sitikunena kuti kuwongola tsitsi ndi mlandu. Munthu aliyense amafuna kuoneka bwino pa ukwati, ku mapemphero kapena pa ulendo wa ku tauni, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Maganizo athu ndi awa: tsitsi lowongola limasungidwa politeteza ku madzi ndi poligwira mofatsa. Amene alibwereza ndi moto kapena mankhwala nthawi iliyonse likanyankhalala, akugula kusalala kwa tsiku limodzi ndi khungu la pamutu pake, ndipo malonda otere ndi oluza.

CHIFUKWA CHAKE TSITSI LIMABWERERA

Tsitsi linapangidwa ndi chinthu chotchedwa keratini, chomwenso chimapanga zikhadabo zathu. M'kati mwa tsitsi lililonse muli timaulusi tambirimbiri tomangana ndi mfundo, zina zofooka, zina zolimba. Mfundo zofooka zimamasuka ndi madzi kapena kutentha, ndipo zimamanganso tsitsi likauma. Chipeso chamoto, kachitini ka makala ndi simbi yamagetsi ya ku saluni zonse zimagwira ntchito pa mfundo zofooka zimenezi. N'chifukwa chake madzi akangolowa, mfundozo zimamasuka ndipo tsitsi limabwerera m'chilengedwe chake. Mayi amene analukapo mkeka amadziwa kuti mlaza wouma ukanyowetsedwa umafewa ndi kusintha. Tsitsi nalonso limatero.

Mankhwala owongolera tsitsi, amene ambiri amawatcha rilakisa, amadula mfundo zolimba zija, ndipo zikaduka sizilumikizananso monga kale. Tsitsi lotere silibwerera, koma limakhala lofooka ndi losachedwa kuduka.

Tsono kunja kwa tsitsi lililonse kuli timamba tosanjikizana ngati udzu wofolera denga. Timamba timeneti tikagona bwino, tsitsi limasalala, limawala ndipo chinyezi chimalowa pang'onopang'ono. Moto wambiri ndi mankhwala amphamvu zimatukula ndi kuswa timambati, tsitsi n'kusanduka ngati denga lodontha. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse: kuwotcha kwa lero ndiko kumabala kunyankhalala kwa mawa. Munthu akamabwereza moto, tsitsi lake limamwa chinyezi msanga kuposa kale, iye n'kuganiza kuti likufuna moto winanso.

MADZI AMENE SITIWAONA

Ambiri amathawa mvula yokha, osadziwa kuti madzi amafika pamutu m'njira zambiri. Pali nthunzi ya madzi osamba ndi ya mphika wa nsima. Pali madzi otayikira kuchokera mu ndowa pochokera ku mjigo. Pali thukuta la m'mwezi wa Okutobala, limene limanyowetsa tsitsi kuyambira kutsinde. Anthu a ku Thyolo ndi ku Mulanje amadziwa nkhungu ya chiperoni, ndipo a m'mbali mwa nyanja, ku Nkhotakota, Salima ndi Mangochi, amadziwa mpweya wachinyezi wa nthawi ya dzinja. Mayi wa kumudzi amakumana ndi zambiri mwa izi dzuwa lisanafike pamutu. Choncho nzeru yake iyenera kukhala yotchinga madzi.

ZOYENERA KUCHITA

Choyamba, musaike moto pa tsitsi lonyowa. Madzi amene ali m'kati mwa tsitsi amawira ndi kuliphulitsa, ndipo limaduka pomwepo. Tsukani, dikirani liume bwinobwino, kenaka yesani chipeso pa pepala loyera. Pepala likachita dzimbiri, chipeso chatentha kwambiri, chidikireni chizizireko. Pitani nacho kamodzi pa chigawo chilichonse, ndipo musachibwerezenso mpaka tsiku lotsukanso tsitsi.

Chachiwiri, mafuta akhale ochepa. Kadontho ka mafuta a nsatsi kapena a kokonati, kotikitidwa m'manja ndi kupakidwa makamaka kunsonga, ndi kokwanira kugoneka timamba tija. Vaselini wambiri amalemetsa tsitsi ndi kukola fumbi la mumsewu, ndipo pofika madzulo mutu umakhala ukuyabwa.

Chachitatu, kusalala kwa masana kumakonzedwa usiku. Musanagone, pesani tsitsi mozungulira mutu, ligone mbali imodzi, ndipo mumange kansalu koterera, monga ka satini. Nsalu ya thonje imamwa mafuta ndi kukhuza tsitsi munthu akamatembenuka kutulo. Duku ya chitenje ikhoza kubwera pamwamba. Koma musamange mothina, ndipo mfundo isakhale pamalo amodzimodzi usiku uliwonse.

Chachinayi, posamba ndi pophika nsima mutu ukhale wofundidwa. Posamba valani pulasitiki pamwamba pa duku, koma muivule mukangomaliza, chifukwa ikakhalitsa imabweretsa thukuta. Potunga madzi yalani kapulasitiki pansi pa nkhata, ndipo musaiwale nzeru ya makolo yoika masamba pamwamba pa madzi kuti asakhavukire.

Chachisanu, tsitsi likanyowa ndi thukuta musalipese. Ligonekeni ndi dzanja, mangani duku, ndipo mudikire liume. Likauma lili logona limakhala logona. Pambuyo pake pesani ndi chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kutsikira kutsinde. Masana onse manja akhale kutali ndi mutu, pakuti nawonso amakhala ndi thukuta.

Chachisanu ndi chimodzi, musaleke kutsuka mutu pofuna kusunga kusalala. Ena amatha mwezi wathunthu madzi osafika pamutu. Zotsatira zake ndi mfundu, kuyabwa, kukanda ndi zilonda. Kutsuka kamodzi pa sabata, kapena pa masabata awiri, ndi kofunika pa ukhondo.

CHIKOMEKOME CHA MKUYU

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mankhwala ambiri owongolera tsitsi ali ndi sodium hydroxide, yemwe ndi soda woopsa uja wopangira sopo. Ngakhale amene pa chikuto analembedwa kuti "no-lye" amawotcha khungu akakhalitsa. Chikhulupiriro chakuti mankhwala akayamba kuluma ndiye kuti akugwira ntchito n'chabodza. Ululu umenewo ndi khungu limene likupsa. Chilonda chikazama chimasiya chipsera, ndipo pa chipsera tsitsi silimeranso mpaka kalekale.

Ku Cape Town, m'dziko la South Africa, Pulofesa Nonhlanhla Khumalo ndi anzake anayeza mitu ya anthu, ndipo mu 2007 analengeza kuti amayi pafupifupi 32 mwa 100 alionse, ndi atsikana a sukulu 17 mwa 100 alionse, anali ndi dazi lobwera chifukwa chokoka tsitsi. Anapezanso kuti ngozi imakula koposa ngati tsitsi lothiridwa mankhwala lalukidwa mokoka kapena lalumikizidwa ndi tsitsi logula. Dazi lotere limayambira pamphumi ndi pamwamba pa makutu. Likadziwika msanga, munthu n'kuleka kukoka, tsitsi limameranso. Likakhalitsa silibwerera.

Palinso nkhani ina yofunika kuimva modekha. Mu 2022, bungwe la boma la America la National Institutes of Health linafalitsa zotsatira za kafukufuku wa amayi oposa 33,000, amene anatsatiridwa kwa zaka pafupifupi 11. Amayi amene ankathira mankhwala owongolera tsitsi koposa kanayi pa chaka anapezeka ndi khansa ya m'kati mwa chiberekero kuwirikiza koposa kawiri poyerekeza ndi amene sankathira. Akatswiriwo anawerengera kuti pofika zaka 70, amayi 4 mwa 100 othira kawirikawiri akhoza kudwala, pamene mwa osathira ndi ochepera 2 mwa 100. Khansa imeneyi ndi yosiyana ndi ya khomo la chiberekero imene amayi amayezetsa ku chipatala. Kafukufukuyu anaonetsa kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi, sanatsimikize kuti mankhwala ndiwo amayambitsa matendawa, ndipo amayi ambiri othira mankhwala sadwala. Komabe ndi chenjezo lokwanira kuti tichepetse kuthira. Mayi amene anasiya kusamba kumwezi, akaonanso magazi, apite ku chipatala msanga.

MALAMULO A MANKHWALA

Tsitsi limakula pafupifupi sentimita 1 pa mwezi. Choncho palibe chifukwa chothira mankhwala pasanathe masabata 8, ndipo kudikira kuposa apo n'kwabwino koposa. Pothira, mankhwala agwe pa tsitsi lomera kumene lokha, osati pa lowongoka kale. Pakani vaselini m'mbali mwa mutu ndi m'makutu, wothira avale zoteteza manja, ndipo mphindi zolembedwa pa chikuto zisapitirire. Musathire pamutu pamene pali chilonda, zipere kapena pokandidwa. Mukathira, papite masabata awiri musanaluke, ndipo kuluka kopweteka kumasulidwe tsiku lomwelo.

Musagule mankhwala opungulira m'timabotolo topanda dzina, ndipo musasakanize nokha soda ndi zinthu zina. Ana aang'ono asathiridwe mankhwala amenewa konse. Otsala abisidwe patali, chifukwa mwana akadya amapsa m'kamwa ndi kummero. Zikachitika, musamusanzitse, thamangani naye ku chipatala mutatenga chikuto chake.

Munthu akapsa ndi chipeso chamoto, thirani madzi ozizira aukhondo pamalopo kwa mphindi 20. Akapsa ndi mankhwala, kapena akalowa m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yofananayo, kenaka pitani ku chipatala. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mchere kapena phulusa, ndipo musaboole matuza.

MUTU NDI WANU

Wina anganene kuti, "Tsitsi ndi langa, ndipo lowongola silivuta kupesa m'mawa ntchito zikachuluka." Zimenezo n'zoona, ndipo palibe namwino amene angakulandeni chipeso. Koma tiyeni tivomerezenso choona china: palibe njira imene ingasunge tsitsi lowongola losalala kuyambira m'bandakucha mpaka usiku kwa mayi amene amalima, kutunga madzi ndi kuphika pa mafuwa. Chithunzi cha pa chikuto cha mankhwala chinajambulidwa m'nyumba yopanda thukuta. Tsitsi likatukuka pang'ono madzulo, si chizindikiro cha uve kapena umphawi. Ndi chizindikiro chakuti mwagwira ntchito.

Tsitsi lathu lachilengedwe si matenda ofuna mankhwala. Lometa bwino, lopesa, lomanga ndi ulusi kapena loluka mosakoka ndi lokongola, ndipo siliopa chiperoni. Nzeru yabwino ndi kusunga kuwongola kwa masiku apadera, makamaka m'nyengo yozizira ndi youma, ndi kupumitsa mutu m'miyezi ya thukuta ndi mvula.

Inu amayi amene muli ndi ana aakazi, kumbukirani kuti mwana amaphunzira poona. Akakuonani mukupirira moto pamutu, adzaganiza kuti kukongola kumayenda ndi ululu. Ndipo inu abambo, musanyoze tsitsi limene akazi anu anabadwa nalo, pakuti mawu anu ndi amene nthawi zina amawatumiza ku chipeso chamoto.

Mukaona tsitsi likuthothoka pamphumi kapena pakati pa mutu, mukaona tiziphuphu, mafinya kapena chilonda chosapola, musachibise ndi duku. Onetsani a namwino kapena a zaumoyo a m'dera lanu pa tsiku lomwelo la sikelo. Safunsa anadya phula. Tsitsi lonyankhalala lero mudzalipesa mawa, koma chipsera sichipesedwa.