Tisunge zithunzi za akatswiri athu chiswe chisanatimalizire

Lowani m'malo ometera tsitsi pa Boma pa Katete, kapena pa Sinda m'mbali mwa msewu wa Great East, muyang'ane pakhoma. Mupeza Messi, Ronaldo, Haaland, mwina ndi Salah. Pakakhala mwayi muonapo Patson Daka kapena Barbra Banda. Ndiye mufunse mnyamata amene akumetayo kuti Godfrey Chitalu ankaoneka bwanji. Dzinalo analimva kwa atate ake kapena kwa amalume, koma nkhope saidziwa. Sitikumuseka ayi, pakuti ifenso ambiri tili chimodzimodzi. Timakonda mpira kwambiri, koma za mpira wathu sitisunga chilichonse.

Ku America kuli anthu amene amatolera timakadi takale ta osewera baseball, masewero omenya kampira ndi chibonga amene kuno sitiwatsata. Kakadi kotchuka kuposa tonse ndi ka Honus Wagner, yemwe ankasewera mu timu ya Pittsburgh Pirates. Kampani ya American Tobacco inkaika timakadi totere m'mapaketi a ndudu kuyambira 1909 mpaka 1911. Ka Wagner anasiya kukasindikiza msanga, ndipo lero todziwika kuti tilipo sitikwana ngakhale 100. Mu 2022 kamodzi kanagulidwa pa madola 7.25 miliyoni. Chaka chomwecho kakadi ka Mickey Mantle wa New York Yankees, kamene kampani ya Topps inatulutsa mu 1952, kanagulidwa pa madola 12.6 miliyoni. Kapepala kolowa m'thumba la malaya!

Ndalamazo zisatizunguze mutu. Chimene chatikopa ife ndi kumbuyo kwa kakadiko. Timakadi ta Topps tinkakhala ndi dzina la wosewera, kumene anabadwira, timu yake ndi manambala a zimene anachita m'bwalo. Mwana wogula chingamu ankapezamo kakadi, n'kumawerenga, n'kumasinthana ndi anzake. Mosadziwa, ana aja ankasunga kaundula wa masewero a dziko lawo m'makatoni a nsapato. Ambiri amayi awo anawatayira posesa m'nyumba, n'chifukwa chake totsalato tikudula chonchi. Koma mbiri ya osewerawo sinatayike, chifukwa inali m'manja mwa anthu ambiri.

Ife zinatichitikira zina. Mu December 2012, Lionel Messi atapitirira zigoli 85 zimene Gerd Müller anamwetsa m'chaka chimodzi mu 1972, bungwe la FAZ linanena kuti m'chaka chomwecho cha 1972 Chitalu wa Kabwe Warriors anamwetsa 107. Tinakondwa, tinakuwa pa Facebook. FIFA inayankha kuti siisunga kaundula wa masewero onse a m'dziko lililonse, choncho singatsimikize nambala ya wina aliyense. Ofufuza a kwathu anachita kukasanthula nyuzipepala zakale, tsamba ndi tsamba, kuwerenga zigoli za munthu amene anamwalira zaka pafupifupi 20 m'mbuyomo. Taganizani, munthu amene anamwetsera dziko lake zigoli 79, amene mphamvu zake zinachititsa kuti amutche Ucar potengera mabatire osatha msanga, umboni wake tinachita kuufunafuna ngati singano yogwera mumchenga.

Kampani ya Panini ya ku Modena ku Italy yakhala ikutulutsa mabuku omatamo zithunzi za osewera a World Cup kuyambira 1970. Timu yathu ya amuna sinafikepo ku World Cup, ndiye m'mabuku amenewo mulibe Chitalu, mulibe Alex Chola, mulibe Kalusha Bwalya. Palibe kampani yakunja imene idzabwere kudzatisungira mbiri. Komatu nkhani zoyenera kusungidwa tili nazo zambiri. Mu 1974 tinafika mu fainolo ya Africa ku Cairo, Zaire n'kutigonjetsa pamasewero obwereza. Mu 1988 ku Olympics ya ku Seoul tinakwapula Italy 4-0, Kalusha n'kumwetsa zitatu, ndipo chaka chomwecho anasankhidwa kukhala katswiri wa Africa yonse. Usiku wa pa 27 April 1993 ndege ya asilikali inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon popita ku Senegal. Anthu onse 30 anafa, mwa iwo osewera 18, pamodzi ndi Chitalu amene panthawiyo anali mphunzitsi wa timu, ndi Chola womuthandiza. Pa 12 February 2012, mumzinda womwewo, Stoppila Sunzu anamwetsa penate imene inatipatsa chikho titagonjetsa Ivory Coast 8-7. Manda a aja 30 ali pa Heroes' Acre pafupi ndi Independence Stadium ku Lusaka. Ndi angati mwa ife angaloze chithunzi n'kunena kuti uyu ndi Efford Chabala, uyu ndi Wisdom Chansa, uyu ndi Kelvin Mutale?

Wina anena kuti zonsezi zili pa intaneti, nanga pepala n'lachiyani. Za Kalusha zilipodi, za Christopher Katongo ndi Kennedy Mweene zilipo. Koma lembani pa Google dzina la wapagolo amene ankagwirira timu ya kumudzi kwanu ku Vubwi m'ma 1980, muone ngati mupezapo kanthu. Apa ndi pamene pali vuto lathu lenileni. Mudzi uliwonse kuno uli ndi katswiri wake amene akuluakulu amamukumbukira akakhala pa bawo: uja ankamenya mpira wopanda nsapato, uja anayenda pa njinga tsiku lonse kukasewera ku Chadiza, mayi uja anali wosagwirika pa mpira wamanja. Zithunzi zawo, ngati zilipo, zili pansi pa sutikesi pamodzi ndi makadi a ubatizo. Mwini wake akamwalira, ogawana katundu amalimbirana wailesi ndi njinga, mapepala n'kuwakolezera moto. Nyuzipepala zakale tinakulungira zitumbuwa, zina agogo anapichirira fodya, makalendala chiswe chinadya pakhoma.

Foninso tisaikhulupirire kwambiri. Tonse tikudziwa mnzathu amene foni yake inabedwa mu minibasi kapena inagwera m'madzi, zithunzi za zaka zisanu n'kupita tsiku limodzi. Ngakhale zimene zili pa WhatsApp zimayenda zopanda dzina, zopanda chaka. Chithunzi chopanda dzina chimakhala ndi moyo malinga ngati munthu wodziwa nkhopezo akadali moyo.

Winanso anena kuti achinyamata alibe ntchito, mtengo wa ufa wakwera, ndiye tikamba za timapepala? Funso labwino. Koma tiwerengere ndalama imene timataya pa kubetcha Loweruka limodzi, pa matimu a ku England amene sadziwa n'komwe kuti Katete ali kuti. Ndalama ya tiketi imodzi yoluza ikhoza kutsukitsa chithunzi pa situdiyo. Sitikulonjeza kuti wina adzalemera ngati eni ake a kakadi ka Wagner. Msika wotero kuno kulibe, ndipo wobwera kudzakuuzani kuti chithunzi cha agogo anu achigula pa mtengo wozizira kuti akagulitse kunja, mumukane.

Chimene tikupempha n'chapafupi. Mukapita kumudzi, pemphani agogo kapena amalume akutsegulireni sutikesi. Khalani nawo pansi, afunseni kuti awa ndani, munali kuti, chinali chaka chanji, munawina kapena munaluza. Lembani mayankhowo kumbuyo kwa chithunzi ndi pensulo, chifukwa inki imalowerera n'kuwononga nkhope. Chijambuleni ndi foni, mutumizire abale awiri kapena atatu pamodzi ndi mayinawo. Chenichenicho musachimate ndi guluu kapena selotepi. Chiikeni mu envulopu, m'chitini chotseka bwino, kutali ndi chinyezi ndi dzuwa. Mawu a akuluwo ajambuleninso, pakuti ife a pa wailesi taona kuti mkulu akayamba kufotokoza za mpira wakale, ngakhale ana amasiya phokoso. Ambiri a iwo masewero aakulu sanawaone ndi maso, anawamva m'mawu a malemu Dennis Liwewe, koma amawafotokoza ngati anali pomwepo.

Matimu a m'makomboni ndi a m'masukulu nawonso ayambe lero. Kope limodzi lokwanira: tsiku, timu imene mwasewera nayo, amene alowa m'bwalo, amene amwetsa. Pakutha pa chaka jambulani wosewera aliyense, musindikize kakadi kokhala ndi dzina ndi zigoli zake kumbuyo. Atsikana musawasiye, chifukwa Barbra Banda wina akusewera pa fumbi pompano ndipo palibe akulemba.

Chaka chilichonse mu August timasonkhana pa Mkaika ku Kulamba, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique, pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Timapita kumeneko chifukwa makolo athu anatisungira magule ndi mayina a mafumu popanda kompyuta. Ife tili ndi kamera m'thumba, ndiye tilibe chonamizira. Loweruka likubwerali, mpira wa ku England usanayambe, pitani mukatsegulitse sutikesi ija.