BP Yosamva Mankhwala

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa adrenal. Kamapanga mahomoni oyendetsa kuthamanga kwa magazi, shuga ndi mchere m'thupi. Nthawi zina pamamera chotupa. Zotupa zambiri zotere si khansa, ndipo zina sizivutitsa munthu moyo wake wonse. Koma zina zimatulutsa mahomoni mopyola muyeso.

Chizindikiro chachikulu ndi BP yosamva mankhwala. Munthu akumwa mapiritsi amitundu itatu, osadumphitsa tsiku, koma BP osatsika. Zikatero, makamaka kwa wachinyamata, adrenal iyenera kuunikidwa.

Ena zimawagwera mwadzidzidzi. Mutu kuwawa koopsa. Thukuta kamukamu. Mtima kugunda ngati wathamanga mtunda wautali, pamodzi ndi mantha opanda chifukwa. Pakapita mphindi zingapo, zonse zii. Achibale amangoti ndi nkhawa, ndipo apa m'pamene ambiri amachedwera.

Ena minofu imafooka ndi kukokana chifukwa potaziyamu watsika m'magazi. Ena amanenepa kumaso ndi pamimba pomwe miyendo ikuwonda, pakhungu pakutuluka timizere tofiirira. Amayi ena amamera ndevu, msambo n'kusokonekera.

Matendawa amapezeka poyeza magazi ndi mkodzo, kenako sikani. Nthawi zambiri opaleshoni yochotsa chotupacho imathandiza, BP n'kutsika.

Ndibwereze: BP yosamva mankhwala ifufuzidwe, adrenal iunikidwe. Mayi, bambo, mankhwala musasiye. Pitani nawo kuchipatala, muwafotokozere adokotala zonse mukumva m'thupi.