Musatitche Othawa Kwathu, Mwatithamangitsa Ndinu

Mwezi wa mawa ndikukwera basi ya ku Johannesburg, kamera yanga ili m'chikwama. Achibale ndi anzanga ena ayamba kale kundinena kuti ndine wosakonda dziko langa. Ndisanawoloke pa Mwanza, ndiloleni ndiwayankhe.

Kodi munthu wofuna kukonza filimu payekha ayambire pati muno m'Malawi? Mu ulamuliro wa chipani chimodzi tinalibe ngakhale wailesi ya kanema. Inabwera mu 1999, maiko anzathu atapita kale patali. Chimene boma lija linatipatsa msanga ndi lamulo la 1968 lokhazikitsa Censorship Board, loti akuluakulu aziona zithunzi zathu anthu asanazione. Pa 14 June 1993 tinavotera matipate, koma lamulo limeneli linapulumuka. Ndiye kusintha kuja kunafika pati kwa ife ojambula?

Asatinamize kuti luso mulibe. Joyce Mhango Chavula anapata mphoto ku Lagos mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Shemu Joyah anachita chimodzimodzi mu 2018 ndi The Road to Sunrise. Nduna zinaomba m'manja. Koma m'manja simugula mafuta a galimoto, simulipira ochita sewero. Ine filimu yanga yoyamba ndinaijambula ndi ndalama ya ngongole, ndipo sabata isanathe inali ikugulitsidwa pa msika ndi anthu osandidziwa nkomwe.

Ku South Africa nyumba ya malamulo inakhazikitsa National Film and Video Foundation mu 1997, bungwe lothandiza ojambula ndi ndalama ndi maphunziro. Sindikudzinamiza ayi: thandizo limenelo ndi la eni dziko. Ine ndikanyamula nyali ndi mawaya a anthu ena, ndikatchedwa kwerekwere. Komabe kumeneko ntchito ya filimu ndi ntchito, si masewera a anyamata osowa chochita.

Chimandiwawa ndi ichi: nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu inadzakonzedwa ndi Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, nionetsedwa pa Netflix mu 2019. Anachita bwino. Koma kodi nkhani zathu zizidikira alendo mpaka liti?

Inu aphungu, mwana akalira nyanga ya nsatsi amamusemera, koma ife tikulirira khasu lolimira. Ikani thumba la ndalama za mafilimu, mangani akuba ntchito zathu, tayani lumo la 1968. Mukatero simudzachita kutiitana, tidzabwera tokha.