Kafukufuku wa "Inde Bwana"

Ine manambala a kafukufuku wofunsa anthu za kumtima kwao sindiwakhulupirira, ndipo chifukwa chake nachi.

Mmalawi ndi munthu waulemu. Mlendo akatsika m'galimoto yoyera, pepala kumanja, timamuyalira mphasa n'kumupatsa yankho limene tikuganiza kuti walidzera. Luso limeneli tidalinola m'nthawi ya chipani chimodzi. Amene akadayenda m'midzi mu 1992 kufunsa za boma akadalemba kuti tonse tili pambuyo pa Ngwazi. Koma pa 14 June 1993, povota popanda wosuzumira, anthu oposa 60 mwa 100 alionse adasiya tambala wakuda n'kusankha nyali.

Khadi la chipani lidapita, koma mantha adangosintha malaya. Lero timaopa kuoneka otsalira. Tamufunsani munthu ngati nkhalamba ziyenera kulemekezedwa. Ayankha msangamsanga, mwambi pamwamba: akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Wofunsa achonga, lipoti lituluka lokongola. Nanga aja adapha nkhalamba zinayi ku Neno mu January 2016 poziganizira ufiti adagwa kumwamba? Akadafunsidwa dzulo lake, si akadayankha chimodzimodzi?

Chondiwawa kwambiri n'chakuti nkhalambazo kawirikawiri sizifunsidwa n'komwe. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo, uja wa DHS amene adayamba kuno mu 1992, adaika malire: mafunso a munthu payekha ndi a amayi a zaka 15 mpaka 49, abambo kulekeza 54. Eni ake adzati nkhani yake ndi ya uchembere. Chabwino. Koma manambala a Edzi a 2004 ndi 2010 adachokera momwemo, ngati kuti kachilombo kamayamba kafunsa chaka chobadwa. Agogo amene adaika ana awo m'manda n'kulera amasiye adangokhala dzina pa mndandanda wa apabanja.

Ngakhale mwayi utapezeka, mdzukulu wa kusekondale amalumphira: "Agogo sangazitsate izi, ndiyankha ndine." Agogowo nawonso, pozolowera kunyozedwa, miyendo ikutupa amangoti, "Ndi ukalamba basi, mwanawe." Papepala alemba kuti ali bwino. Bajeti ya mankhwala imatsata pepalalo.

Inu ofufuza, tamverani. Chotsani malire a zaka. Muuzeni mdzukulu akatunge madzi. Khalani pansi ndi agogo, mufunse pang'onopang'ono, mudikire yankho lachiwiri, poti loyambalo ndi moni chabe. Apo ayi, mabuku anuwo musamawatche maganizo a Amalawi. Muziwatcha ulemu wa Amalawi kwa alendo.