DOKO LOMWE SILILI PA MAPU, MAWA MUDZAPEZA PALI MPANDA

Anzathu a ku Salima, Lilongwe ndi konse komwe uthengawu wafika, tamverani.

Tsegulani Google Maps pa foni, mupite ku Senga Bay. Malo ogona alendo muwaona, mayina ndi zithunzi zomwe. Tsono fufuzani pomwe amayi amayanika usipa. Fufuzani kanjira kotsikira kunyanja kukachapa, doko la mabwato, manda a makolo. Zii! Pa mapu ndi mchenga wopanda mwini, ndipo wa ndalama akafika amangoti "panalibe kanthu apa."

Lamulo la zachilengedwe la 2017 limati ntchito ikuluikulu iyambe yaunikidwa kaye, ija amati ESIA, ndipo eni dera afunsidwe. Koma kafunsidwe kake timakadziwa: msonkhano wa mu hotela, ma alawansi, kenako lipoti la Chingerezi lonenepa ngati njerwa. Msodzi wa ku Lifuwu aliwerenga liti? Paja mu 2017 a Malawi Law Society anachita kukamang'ala ku khoti kuti ntchito yopopa madzi a m'nyanja kuchoka ku Salima kupita ku Lilongwe isayambe ESIA isanachitike. Madziwo tikuwafuna, eetu, mipopi youma yatikwana mtauni muno. Koma tizifunsidwa.

Osatiuza kuti anthu akumudzi sadziwa za chilengedwe. Ku chilumba cha Mbenji, anthu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo yoswana nsomba kuyambira zaka za m'ma 1950, popanda katswiri wochokera ku Capital Hill.

Ndiye mapu tilemba tokha. OpenStreetMap ndi yaulere, aliyense amatha kuwonjezerapo malo. Chofunika ndi foni ya GPS ndi bandulo basi. Pitani kunyanja awiriawiri. Ikani doko, thandala, mjigo, njira iliyonse yopita kumadzi. Pa Google Earth pali zithunzi za zaka zam'mbuyo: fananizani, muone mpanda unabwera liti. Jambulaninso pomwe madzi anafika nyanja itasefukira mu 2024, tione anamanga m'madzi ndani.

Za manda yambani mwapempha kwa amfumu. Mayina ndi manambala a anthu osaika pa mapu, chonde.

Tikamaliza tisindikiza, tikapereke ku khonsolo ya Salima ndi ku MEPA, atidindire kuti alandira.

Tumizani ku magulupu onse.